Mabikoni azikidwa mpaka m'bango: tingawaimitse pa sitepe iti?

Kadaunda_49:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Chakumadzulo kwa Lilongwe kuli dambo lomwe madzi ake amakathira mu Lingadzi. Kampani ina, dzina ndisatchule, yazika mabikoni mpaka m'bango ndipo yaika chikwangwani choti mapuloti a 15 kwa 30 akugulitsidwa. Giledala sinalowebe. Eni ake akuti mapepala onse ali nawo. Kodi mapepala amene munthu ayenera kukhala nawo asanadule malo otere ndi ati? Nanga okhala kumunsi kwa mtsinje angalowererepo pati? M'dambomo mumatulukanso maluwa ena nthawi ya dzinja, okhala ndi timbatata pansi.

Tsokonombwe:
Mwachedwa achimwene. Bikoni ikazikidwa ndiye kuti ndalama zadyedwa kale.

Saveya_Wakale:
Ayi a Tsokonombwe, bikoni ndi simenti ndi kachitsulo basi, imazulidwa. Chovuta kubweza ndi dothi lothiridwa ndi ngalande yokumbidwa. A Kadaunda, mawu oti "mapepala onse" muwaphwanye, chifukwa ndi zinthu zosiyana ndipo zimachokera ku maofesi osiyana.

Choyamba ndi umwini: lizi, title deed, kapena kalata zogulirana malo a makolo. Pepala limeneli limangonena mwini malo. Silipatsa munthu mphamvu yodula mapuloti.

Chachiwiri ndi chilolezo cha mapulani pansi pa Physical Planning Act ya 2016. Ngati malowo anali olima, pafunika chilolezo chosintha ntchito ya malo, kenako layout, yomwe ndi mapu osonyeza mapuloti, misewu, ngalande ndi malo osiyidwa, ivomerezedwe ndi komiti ya mapulani. Yovomerezeka imakhala ndi chidindo ndi nambala. Ambiri amaonetsa ogula mapu ojambula saveya wawo, opanda chidindo.

Chachitatu ndi cha chilengedwe. Environment Management Act ya 2017 ndi yomwe inakhazikitsa MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Mwini ntchito amalemba project brief, chikalata chofotokoza ntchitoyo mwachidule, a MEPA n'kuona ngati pakufunika ESIA yathunthu, yomwe ndi kafukufuku wa momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, kapena ndondomeko chabe yosamalira chilengedwe. Ntchito yokhudza dambo kapena mtsinje siyenera kudumpha khomo limeneli.

Chachinayi ndi cha madzi. Kupatutsa mtsinje, kuutseka kapena kumanga pa njira yake kumafuna chilolezo cha National Water Resources Authority, yomwe inabwera ndi Water Resources Act ya 2013.

Afunseni zinayi zonsezi chimodzichimodzi. Kawirikawiri pamapezeka choyamba chokha.

NaBanda_Mtandire:
Ife a kumunsi ndife timalandira. Febuluwale wa 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire, ndipo Disembala wa chaka chomwecho madzi anavuta ku Kawale, Biwi ndi Mchesi. Omanga kumtunda sadzamva kanthu.

Mlimi_wa_Dimba:
Koma tiyeni tinene zoona. Anthu akusowa pogona, lendi yakwera, ndiye tiziteteza achule? Dambo n'loswera udzudzu.

Injiniya_Madzi:
Bambo Mlimi, udzudzu wa malungo umakonda kwambiri tizithaphwi towombedwa dzuwa: maenje a njerwa, mikwasa ya matayala, ngalande zotsekeka. Zimenezi zimachuluka pamene anthu ayamba kumanga. Koma tisiye za achule, tiwerenge madzi.

Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Puloti ya 15 kwa 30 ndi masikweya mita 450. Tinene kuti denga latenga 150, ndipo simenti ndi mapeva a pabwalo atenga 150 ena. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa, pa malo olimbawo pamathamanga pafupifupi magawo 9 mwa 10, omwe ndi malita 13,500. Pomwepo pakanakhala udzu pa dothi lomwa madzi, pakanathamanga mwina magawo awiri mwa 10, malita 3,000. Mapuloti akakhala 100, ndi malita 1,350,000 m'malo mwa 300,000, misewu tisanaiwerengere. Ndipo madziwo safika pang'onopang'ono tsiku lonse, amafika m'mphindi zochepa chifukwa ayenda m'ngalande ya konkire.

Tsopano onjezani kuthira dothi. Mukakwirira hekitala imodzi ya dambo ndi dothi lokwera theka la mita pamalo pomwe madzi ankayala, mwachotsa malo osunga makiyubiki mita 5,000, kapena kuti malita 5 miliyoni. Madziwo sasowa. Amapita kwa Mayi NaBanda.

Bwantasa:
A Injiniya, masamu ndawamva koma pali pena ndikutsutsani. Anthu amakonda kunena kuti dambo lili ngati siponji. Pofika Febuluwale dambo limakhala litakhuta, mvula ikagwapo imathamanga ndithu. Magawo awiri mwa 10 aja ndi a kumtunda kwa katondo, m'makande okhuta ayi.

Injiniya_Madzi:
Mwalasa a Bwantasa, chiwerengero chija ndi cha mapuloti a kumtunda. Dambo lokhuta silimwa madzi ambiri. Ntchito yake panthawiyo ndi kuwayala ndi kuwachedwetsa. Dambo lenileni nthawi zambiri silikhala ndi khwawa pakati. Madzi amayenda motambalala, osaya, akupunthwa mu udzu, ndipo matope amatsalira momwemo. Mukakumba ngalande imodzi yowongoka pakati "kuti paume", madzi onse amasonkhana, liwiro limakwera, ngalande imayamba kudya chakumtunda chaka ndi chaka mpaka kusanduka chigwembe. Chigwembe chikazama mamita awiri, madzi a pansi m'mbali mwake amatsikanso, zitsime za m'madimba zimaphwa msanga, udzu wa m'dambo umafa. Ndiye a Mlimi, woyamba kulira ndi wa dimba.

Mlimi_wa_Dimba:
Apo ndiye mwandigwira pakhosi. Koma dimba nalonso amati limawononga mtsinje, ndiye tigwire mtengo wanji?

Katope_Zomba:
Limawononga likafika pa gombe penipeni. Siyani mzere wa bango, nsenjere kapena vetiva pakati pa bedi lomaliza ndi madzi, ndipo musabzale bulugamu pa kasupe. Dimba mukalisiya chaka chimodzi udzu umabwerera. Nyumba ya njerwa sibwerera.

Kadaunda_49:
Zikomo nonse. Koma eni ake akuti dambo ndi pomwe pali bango pokha, kwinako ndi kouma. Panopa ndi Sepitembala, ndipo zoona pakuoneka pouma. Malire ake amadziwika bwanji?

Dothi_ndi_Khasu:
Malire a dambo sayezedwa ndi maso m'chilimwe. Dothi ndilo limasunga mbiri. Chitani izi, ndipo wolemba ESIA woona mtima amachitanso zomwezi.

Tambasulani chingwe kuchokera pa bango kukwera kumtunda, modutsa dambo, osati motsatira madzi. Pa mamita 10 kapena 20 alionse kumbani dzenje lakuya masentimita 50 mpaka 60. Onani mtundu wa dothi lonyowa, louma limanamiza, choncho lithirireni madzi pang'ono. Lofiira kapena lakatondo lopanda madontho ndi la kumtunda. Lotuwa ngati phulusa, lokhala ndi madontho a dzimbiri kapena timizere tofiira motsatira mizu, ndiye kuti madzi amakhalamo miyezi ingapo chaka chilichonse. Lakuda bii, lomata, long'ambika ming'alu yolowa dzanja mu Okutobala, ndi makande a pakati pa dambo. M'mphepete mwa madambo ambiri a m'chigawo chapakati muli lamba wa mchenga wotuwa pomwe madzi amatumphuka m'dzinja. Lamba ameneyu ndi amene ogulitsa amamutcha "pouma", chikhalirecho ndi pomwe madzi a kumtunda amatulukira kulowa m'dambo. Dzenje lomaliza lomwe mwapeza madontho a dzimbiri m'kati mwa masentimita 50 ndiwo malire. Lembani GPS ya pa foni pa dzenje lililonse, jambulani dothi muli ndi tepi pambali.

Zomera zimathandizanso. Pomwe mitengo ya msuku ndi mombo yathera mwadzidzidzi n'kuyamba udzu wokhawokha, pamenepo mizu ya mitengo inakana madzi. Mlulu, bango, kanjedza, chiwale ndi katope ndi mboni za madzi.

Pomaliza siyani maenje awiri kapena atatu akuya mita imodzi ndi theka, muwavindikire bwino ana ndi ziweto zisagweremo, mudzayeze madzi mu Febuluwale ndi Malichi. Lipoti lililonse lomwe anayendera malo tsiku limodzi mu Sepitembala silinaone dambo.

Tsokonombwe:
Ndiye munthu akakumbe maenje pa malo a eni ake? Mudzagona ku Maula.

Saveya_Wakale:
Apa a Tsokonombwe anena zoona. Musalowe ndi khasu popanda chilolezo. Kumbani mbali ya dambo yomwe ndi ya mudzi mutagwirizana ndi amfumu, kapena pemphani m'kalata kuti kuyezako kuchitike pamaso pa ofesala wa zachilengedwe wa khonsolo. Kumbukiraninso kuti ndondomeko ya dziko ya malo ya 2002 imawerengera madambo ndi malo odyetsera ziweto ngati malo a anthu onse a m'deralo, osati a munthu mmodzi. Ndiye funso loti "anagulitsa dambolo ndani, ndipo anthu anavomera pa msonkhano uti" ndi lololedwa kufunsa.

Chinaka_Mzimba:
Ndabwerera ku maluwa a timbatata aja, mwawadumpha. Zikumveka ngati chinaka, chomwe ku Zambia amati chikanda. Ndi maluwa a m'gulu la orchid omera pansi, makamaka mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria. Ku Nyika kokha kuli mitundu ya orchid yoposa 200, koma m'madambo a kumunsi imapezekanso. Vuto lake pa nkhani ya zilolezo ndi ili: miyezi yambiri ya chaka chomeracho chimakhala kambatata pansi, pamwamba palibe tsamba. Yambiri imachita maluwa pakati pa Disembala ndi Malichi. Woyendera malo m'chilimwe, moto utadutsa, adzalemba kuti "palibe zomera zofunika" ndipo sadzakhala atanama mwadala.

Kuti mudziwe mtundu, musazule. Jambulani duwa kutsogolo ndi m'mbali kuti kamchira ka kuseri kwa duwa kaoneke, jambulani masamba a pansi, chomera chonse chili ndi rula pambali, ndi malo ozungulira. Lembani tsiku ndi GPS, werengani kuti zilipo zingati. Zithunzi zipite ku National Herbarium and Botanic Gardens, bungwe la boma lofufuza ndi kusunga zomera, ku Zomba. Alinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kalata yawo yotchula dzina la chomera imalemera kwambiri kuposa mawu athu oti "kuli maluwa okongola".

Mai_a_Ndiwo:
Chinaka chomwe chija amaphika ndi nsinjiro ndi chidulo? Ndiye chasanduka chosowa liti?

Chinaka_Mzimba:
Chomwecho amayi. Amasinja timbatata, kusakaniza ndi nsinjiro, kuthira chidulo kapena soda, n'kuphika mpaka chilimbe chodula ndi mpeni. Chasowa chifukwa cha malonda. Msika wa ku Zambia unakula kotero kuti timbatata timachokera mpaka ku Tanzania ndi kumpoto kwa dziko lino. Wokumba akachotsa kambatata katsopano, chomera chatha, chifukwa ndi komwe kakanaphuka chaka chamawa.

Mai_a_Ndiwo:
Soda amachiwawitsa, chidulo cha mapesi ndiye chabwino.

Bwantasa:
Amayi, tabwerani ku dambo kuno, za kukhitchini titsegulira ulusi wake. A Chinaka, bwanji osangozisamutsa? Makampani amalemba zimenezo m'malipoti, kuti zomera zosowa tidzazibzala pena.

Chinaka_Mzimba:
Pa pepala zimaoneka bwino. Maluwa amenewa amadalira tinkhungu ta m'dothi. Njere zake ndi fumbi lopanda chakudya, sizimera popanda nkhunguyo. Amadaliranso kuti madzi akwere ndi kutsika pa nthawi yake. Mukasamutsira pa kapinga wothiriridwa, chaka choyamba atha kutuluka ndi mphamvu ya kambatata kakale, chachiwiri zii. Ngati palibiretu kuchitira mwina, amadula chibuma chonse cha dothi, masentimita 30 mbali zonse ndi kuya komwe, nthawi yomwe chomera chagona, n'kuchiika pa dambo lomwelo pamalo a chinyontho chofanana. Koma malowo muyenera kuwazika zikhomo m'dzinja maluwa akuoneka, apo ayi m'chilimwe mudzakumba pati? Njira yodalirika ndi kusuntha mzere wa mapuloti pa layout. Ndipo kusiya kachilumba ka maluwa pakati pa nyumba mutatseka madzi ochokera kumtunda n'chimodzimodzi kuwazula.

Katope_Zomba:
Pa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndiwonjezeko. Mbawa, mwimbi, mkundi, katope ndi chonya ndi imene imagwira gombe. Pemphani kuti mtengo uliwonse waukulu ulembedwe pa mapu ndi nambala ntchito isanayambe. Omanga amasiya thunthu n'kuwononga mizu: amaunjika mchenga patsinde, kuimika malole pamthunzi, kukumba ngalande pafupi. Mtengo umauma patatha zaka ziwiri kapena zitatu ndipo palibe amene amaimbidwa mlandu. Mpanda wotchinga uzungulire pomwe pathera nthambi, osati pa thunthu. Mbawa ndi mlombwa zili m'gulu la mitengo yotetezedwa, kudula kumafuna chilolezo cha a zankhalango ngakhale uli pa malo ako.

Kadaunda_49:
Nanga mtunda wosiya kuchokera ku mtsinje? Wina akuti wayeza kale.

Saveya_Wakale:
Mufunseni kuti wayeza kuchokera pati. Chinyengo chili poyambira. Tepi ikayambira pa kamadzi ka mu Okutobala, mamita onse amathera m'khwawa momwemo. Iyambire pamwamba pa gombe, kapena pomwe madzi osefukira amafika ngati pali patali kuposa gombe. Zizindikiro zake zilipo: zinyalala ndi mapepala apulasitiki okodwa m'nthambi, matope pa makungwa, ndi zomwe akuluakulu a m'mudzi akukumbukira za madzi osefukira a zaka zam'mbuyo. Pa dambo lopanda khwawa, iyambire pa malire a dothi omwe a Dothi_ndi_Khasu afotokoza. Chachikulu, lamba wosiyidwayo aoneke pa layout ngati malo apadera okhala ndi mabikoni ake, asakhale mbali ya puloti ya munthu. Akalowa m'puloti ndi lonjezo loti "mwini sadzamangapo", pakatha zaka zitatu pamakhala mpanda wa njerwa ndi boys' quarter.

Mmisiri_Chilinde:
Ndiyankhuleko za wogula, chifukwa iyenso ndi wopwetekeka. Makande amafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe. Maziko wamba a ngalande amasweka, ming'alu imayambira pa ngodya za mawindo, zitseko zimakana kutseka. Kuti nyumba ilimbe pamafunika kuchotsa dothilo n'kuthira lina lotsenderedwa m'magawo a masentimita 15, kapena silabu yazitsulo yoyandama yojambulidwa ndi injiniya. Ndalama yomwe munapulumutsa pogula puloti yotchipa imathera pansi pomwe simukuona. Kenako chinyontho chimakwera khoma, penti imasupuka, mchere woyera umatuluka.

Chimbudzi ndiye mutu waukulu. Pansi pa dzenje payenera kutalikirana ndi madzi a pansi mita imodzi ndi theka, ndipo chitsime chikhale mamita 30 kapena kuposa. M'dambo mu Febuluwale madzi ali pa bondo, ndiye muyeso umenewu sutheka. Soakaway, dzenje lomwetsa madzi onyansa m'nthaka, yesani motere: pa kuya komwe idzakhale kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse, dzazani madzi, kagone. Mawa mukapeza madzi alimobe, yalephera kale. Ngati aphwa, dzazaninso masentimita 30, muwerenge masekondi omwe madzi atenge kutsika kuchoka pa masentimita 22.5 kufika pa 7.5, mugawe ndi 150, omwe ndi mamilimita amene madziwo atsika. Yankho likapitirira 100, dothi silimwa, zonyansa zidzayenda pamwamba kulowa mumtsinje. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, tisamaiwale msanga.

Tsokonombwe:
Zonsezi n'zabwino, koma ku Soche anthu anamanga paphiri malamulo alipo, mpaka namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023. Pepala silinaletsepo munthu.

NaBanda_Mtandire:
Ndiye tikhale chete tidikire madzi? Inu a Tsokonombwe mumangogwetsa anthu ulesi.

Loya_wa_Mudzi:
Kusiyana kulipo. Kumapiri kuja anthu ankamanga mmodzimmodzi, wopanda womugwira. Apa pali kampani imodzi yofuna ma title deed kuti igulitse bwino, ndiye ili ndi pogwirika. A Kadaunda, pakamwa pasakhale njira yanu, lembani.

Kalata imodzi ipite kwa mkulu wa khonsolo yomwe malowo ali, ya mzinda kapena ya boma, kufunsa ngati layout inavomerezedwa, nambala yake ndi tsiku. Ina ipite ku MEPA kufunsa ngati analandira project brief ndi chomwe anagamula. Ina ku National Water Resources Authority ngati mapu akuonetsa msewu wodutsa dambo kapena ngalande yopatutsa madzi. Access to Information Act, yomwe imapatsa anthu ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, inayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, itchuleni m'kalatamo. Kalata iliyonse ikhale ndi kope lodindidwa kuti yalandiridwa. Asayine anthu ambiri, amfumu, komiti ya chitukuko ya m'dera ndi khansala alandire makope.

Ngati ESIA ikuchitika, anthu okhudzidwa ayenera kufunsidwa maganizo. Samalani ndi pepala la mayina pa msonkhano: ena amalitenga ngati umboni woti mwavomera. Lembani nokha zomwe mwanena, mupereke, musunge kope. Ndemanga ikhale yogwirika. "Tikukana chitukuko" imatayidwa. "Malo anayenderedwa m'chilimwe chokha, tikupempha kuyenderanso pakati pa Januwale ndi Malichi, mapuloti akutiakuti ali pa dothi la madontho a dzimbiri, zithunzi ndi GPS nazi" imafuna yankho. Lamulo la 2017 lija limapatsa munthu aliyense ufulu wa chilengedwe chaukhondo ndi mwayi wopita kukhoti, koma khoti ndi ndalama ndi nthawi, ndipo woweruza adzafuna kuona makalata omwewa.

Injiniya_Madzi:
Ndipo musangokana, perekani njira ina, komiti imamva msanga. Mapuloti a m'dambo achotsedwe, a kumtunda atsale. Msewu ngati uyenera kudutsa, udutse pamalo popapatiza, mowongoka, kamodzi kokha. Pansi pake pasakhale kalavati imodzi pakati, chifukwa imasonkhanitsa madzi n'kuyambitsa chigwembe chija. Paikidwe mapaipi angapo motalikirana m'lifupi lonse la dambo, osachepera mamilimita 600 kuti munthu athe kuchotsa zinyalala, pansi pake pofanana ndi nthaka, ndipo potulukira payalidwe miyala. Ngalande za m'mapuloti zithire kaye m'dziwe lodikhitsa madzi lomwe lili kunja kwa dambo, osati kukumba dambolo kukhala dziwe. Nthawi yomanga, kugumula nthaka kuchitike m'chilimwe, dothi lapamwamba liunjikidwe kutali ndi madzi, ndipo malire a lamba wosiyidwa atchingidwe giledala isanafike. Woyendetsa giledala saona mapu, amaona mpanda.

Mlimi_wa_Dimba:
Muwonjezepo za mchenga ndi njerwa. Mapuloti 100 akayamba kumangidwa, mchenga udzachokera mumtsinje womwewo ndipo njerwa adzaumba m'mphepete mwa dambo momwe mwasiyamo. Mungateteze pa mapu koma ngolo zikulowa usiku.

Loya_wa_Mudzi:
Mfundo yabwino bambo. Zilembedwe m'zoyenera kutsata za chilolezo, komanso atchule amene adzayang'anire lambayo kampani ikagulitsa n'kuchoka: khonsolo, komiti ya eni mapuloti kapena mudzi. Malo opanda mwini wotchulidwa amasanduka kudzala.

Kadaunda_49:
Makalata atatu aja tilemba sabata ino, amfumu avomera kusayina. Maenje tikumba mbali ya mudzi Loweruka. A Chinaka, maluwa akatuluka ndidzaika zithunzi pano musanatumize ku Zomba.

Chinaka_Mzimba:
Zithunzi ikani, koma GPS musaike pagulu, pali okumba amene amawerenganso. Yambani kuyendera kumapeto kwa Disembala, sabata ziwiri zilizonse, chifukwa mitundu ina duwa lake silikhalitsa. Muvale majombo, m'lamba wa mchenga muja mumakhala njoka.